Sikelo ya pa bwalo la ndege



Ife a kuno ku Nsaru sikelo timaidziwa bwino. Mvula ikakata, mavenda amamanga timisasa m'mbali mwa msewu n'kupachika sikelo pa mtanda, ndipo alimi amayamba kubwera ndi matumba a soya ndi mtedza pa njinga. Munthu amene walima yekha, kukolola yekha ndi kupeta yekha, kulemera kwa thumba lake amakudziwa ndi msana. Muvi wa sikelo ukaima pa 46 iye akudziwa kuti muli makilo 50, amangomeza malovu, chifukwa kunyumba kulibe mchere ndipo venda wina ali kutali. Koma tsiku limene mlimi yemweyo wapita kukagula, sikelo ya wogulitsa siphonya ngakhale theka la kilo. Surah Al-Mutaffifin, ya nambala 83 m'Qur'an, imayamba ndi kuwaopseza anthu a mtundu umenewu, amene polandira amafuna muyeso wodzadza koma popereka amapungula. Ambirife tikamaimva pa Taraweh timaganiza za pa msika. Ine chiyambire Ramadhan ya 2024, ikamawerengedwa ndimaganizanso za bwalo la ndege.

Nkhaniyi inayamba mu 2020. Mayi anga ndi amasiye, ndipo Haji anaiona kalekale kuti dzanja lawo silingaifike. Mtima wawo anauika pa Umrah ya m'mwezi wa Ramadhan, atamva kwa mashehe kuti m'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli Hadith yosonyeza kuti malipiro ake amafanana ndi a Haji, ngakhale siichotsa udindo wa Haji kwa amene angathe. Ndalama zinachokera ku mtedza wa zaka zingapo, mbuzi zisanu, chipereganyu cha amayi a ku mzikiti, ndi zomwe achimwene ankatumiza kuchokera ku Joni. Ine ndinasankhidwa kuwaperekeza monga mahram wawo, komanso chifukwa Chingerezi mayi sachimva. Kumayambiriro kwa February tinakapereka ndalama za matikiti kwa ejenti wina mu tauni, mayi n'kuyamba kusoketsa zovala.

Pa 27 February 2020 dziko la Saudi Arabia linatseka Umrah kwa anthu akunja chifukwa cha Covid-19, ndipo pa 1 April ndege zonyamula anthu zinasiya kutera m'dziko muno. Pamenepo palibe woti tim'loze chala. Dziko lonse lapansi linaima, Haji ya chaka chimenecho anachita ndi anthu ochepa okhala ku Saudi komweko, ndipo tonse tinaona pa mafoni bwalo lozungulira Ka'aba lili mbee, lopanda munthu. Funso linatsala la ndalama. Tinauzidwa kuti kampani ya ndege sikubweza ndalama, ikupereka pepala loti tidzagulire tikiti ina mkati mwa miyezi 12. Mayi analitcha kuponi, ndipo analiika m'chitini momwe amasungamo makadi a kuchipatala. Mabwalo a ndege kuno anatsegulidwa pa 1 September 2020, koma Saudi itayambanso kulandira alendo inaika malire a zaka, ndipo munthu wa msinkhu wa mayi sanali m'gulu lololedwa. Pofika nthawi yoti angathe kupita, kuponi ija inali itatha mphamvu, ngati kuponi ya feteleza yofika chimanga chitamasula kale.

Ndinayenda maulendo ambiri kupita ku tauni chifukwa cha pepala limeneli. Pamapeto anavomera kutiwerengera ndalama zathu, koma mu kwacha, monga momwe tinaperekera. Apa ndi pamene munthu wa kumudzi amapwetekera osadziwa chomwe cham'menya, chifukwa mtengo wa tikiti ya kunja umaikidwa mu dola. Kumayambiriro kwa 2020 dola imodzi ku banki inali pafupifupi K740. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. Ndalama zomwe zinagula tikiti yathunthu tsopano sizinkakwana ndi theka lomwe. Ndikudziwa kuti makampani a ndege nawonso analira. Mu 2022, ndalama zakunja zitasowa m'mabanki athu, ena a iwo anaimitsa kugulitsa matikiti kudzera mwa maejenti a m'dziko muno chifukwa kwacha zomwe ankatolera sankatha kuzisintha kuti azitumize kwawo. Koma kampani ikalira imakhala ndi maloya ndi bungwe loilankhulira. Mayi anagulitsa mbuzi zina zinayi.

Tinanyamuka mu Ramadhan ya 2024, cholinga chili choti masiku khumi omaliza tikakhale ku Makkah. Kuchokera ku bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kulibe ndege yopita ku Jeddah kapena ku Madinah mwachindunji. Munthu amayenera kukasintha ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo makampani amene amatera kuno ndi owerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Air Malawi inatha mu 2013 itamira m'ngongole, ndipo Malawi Airlines yomwe inayamba kuuluka mu 2014, boma lili ndi magawo 51 pa 100 alionse pomwe Ethiopian Airlines ili ndi 49, imangofika m'maiko a mu Africa muno. Ndikunena izi kuti mumvetse kuti wokwera ndege wa kuno ali ngati mlimi uja amene venda wina ali naye kutali. Dzina la kampani imene tinakwera ndi la mzinda umene tinakasinthira sindizitchula.

Tinadya daku, kuswali Fajr, n'kukwera galimoto ya hayala, chifukwa minibasi imadikira kudzadza ndipo pa tikiti panalembedwa kuti tifike kutatsala maola atatu. Ejenti anatichenjeza mobwerezabwereza kuti kauntala imatsekedwa kutatsala ola limodzi, ndipo amene wachedwa ngakhale mphindi zisanu tikiti yake yonse imafa, yopitira ndi yobwerera yomwe. Lamulo limeneli lilipodi m'makampani ambiri: ukalephera kukwera gawo loyamba la ulendo, magawo otsatira amafafanizidwa okha mu kompyuta. Tinafika dzuwa lisanatenthe.

Sikelo yoyamba tinakumana nayo pa kauntala. Chikwama cha mayi chinalemera makilo 25 pomwe malire anali 23. Munali ufa woyera, chifukwa mayi sangadye mpunga masiku khumi otsatizana, mtedza wokazinga, ndi zitenje. Anatiuza kuti tilipire makilo awiriwo pa mtengo wa dola kapena tichotsemo zina. Tinatsegula chikwama pansi, anthu akutilambalala, n'kuchotsa ufa wina kupatsa dalaivala wathu amene anali asanachoke. Pa chipata chofufuzira anatilanda botolo la madzi lomwe mayi anakonzera futari, potsatira lamulo lomwe linayamba mu 2006 loti zamadzi zisapitirire mamililita 100. Zonsezi sitinatsutse. Ndege ili ndi malire a katundu amene inganyamule, ndipo lamulo la chitetezo limakhudza aliyense mofanana. Tinapereka muyeso wodzadza.

Ndiye kunabwera nthawi yoti iwonso apereke. Nthawi yonyamuka itakwana anati tidikire ola limodzi. Ola litatha anati maola awiri. Tinaswali Dhuhr ndi Asr pakona, anthu akuyang'ana pa bolodi, ndipo kenako ogwira ntchito anangosowa pa chipata. Dzuwa likupendeka m'pamene munthu wina anabwera kudzanena kuti ndege ili ndi vuto la makina, ulendo wasunthidwa kufika mawa, ndipo uthenga unatumizidwa kale pa imelo. Imelo yake inali ya ejenti. Ndikufuna ndinene momveka kuti woyendetsa ndege amene wakana kuulutsa ndege yokayikitsa wachita bwino, ndipo Allah am'lipire. Patangopita miyezi iwiri, pa 10 June 2024, ndege ya asilikali inagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anthu ena 8, ndipo kuyambira pamenepo palibe Mmalawi wofunika kum'fotokozera kuti kuchedwa kuli bwino kuposa maliro. Dandaulo langa lili pa zomwe zimachitika ndege ikalephera kunyamuka.

Anati amene achokera kunja ndipo akungodutsa apatsidwa hotela, koma a mu Lilongwe momwemuno abwerere kwawo adzabwere mawa. Ndinawauza kuti ife ndi a ku Nsaru. Mtsikana wa pa kauntala anayang'ana mu kompyuta n'kunena kuti Nsaru ndi Lilongwe. Pa mapu sananame. Koma amene analemba lamuloli ankaganiza za munthu wa ku Area 10 amene galimoto yake ili panja, ndipo sanaganize za gogo amene kwawo ndi ulendo wa maola awiri kapena kuposa, galimoto ya hayala inabwerera m'mawa, ndipo m'mudzi anatsanzika kale ndi duwa ndi misozi. Futari tinachitira pa benchi. Bambo wina wamalonda anagawa tende, ndipo mayi wina wa Chikhristu amene ankapita kwa mwana wake anatipatsa mabanzi awiri, n'kutiuza kuti iyenso ali mu nyengo yawo yosala. Usiku tinakagona kwa msuweni wanga ku Area 25, pa ndalama zathu.

Mawa lake tinauluka. Koma mipando yathu pa ndege yachiwiri, yopita ku Jeddah, inali ya dzulo, ndipo m'masiku omaliza a Ramadhan dziko lonse la Chisilamu limakhala likulowera komweko. Anatiika pa mndandanda wa odikira, kuti wina akalephera kubwera ife tilowe m'malo mwake. Apa ndinaphunzira chinthu chimene ambiri sachidziwa: makampani a ndege amaloledwa kugulitsa matikiti ochuluka kuposa mipando, powerengera kuti anthu ena sadzabwera. Masiku wamba masamu amenewa amawayendera. Koma munthu amene wasunga ndalama zaka zisanu ndi ziwiri kuti akapeze Laylatul Qadr pafupi ndi Ka'aba sajomba. Aliyense anabwera usiku umenewo, ndipo aliyense anabweranso usiku wotsatira.

M'gulu lathu munali bambo ena achikulire a ku Mangochi. Ndege yochokera kum'mwera imadutsa pa miqat ya Yalamlam isanatere ku Jeddah, choncho amuna ambiri amavaliratu nsalu ziwiri zoyera pa bwalo losinthira ndege, niyah n'kudzachita ali m'mwamba. Bambowa atamva kuti mwina malo apezeka usiku womwewo, anasamba, kuvala, n'kuchitiratu niyah ndi Talbiyah pa chipata pomwepo, poopa kuti angagone m'ndege miqat n'kuwadutsa. Malo sanapezeke. Ihram ikamangidwa simasulidwa chifukwa choti bolodi lasintha. Shehe wa gulu lathu anawafotokozera kuti ndime 196 ya Surah Al-Baqarah ili ndi lamulo la munthu amene watsekeredwa njira, koma popeza chiyembekezo chofika chinalipo, anayenera kukhala momwemo. Anakhala masiku awiri m'nyumba yozizira ndi makina, opanda malaya, opanda chipewa, akupewa sopo wonunkhira wa m'zimbudzi. Mayi anatulutsa chitenje chimodzi mwa zija zinapulumuka pa sikelo n'kuwapatsa kuti afunde m'mapewa.

Mayi enieniwo anandipatsa ntchito ina. Ali ndi mankhwala a BP amene amamwa tsiku lililonse, miyendo inali itayamba kutupa, koma kumasula anakana. Ndinawauza kuti, "Amayi, ndinu a paulendo. Allah mwini anakupeputsirani, mudzabweza masikuwa tikabwerera." Anandiyankha kuti, "Iwe, ine ndinanyamuka kuti ndikafunge ku Makkah. Ndimasule pa benchi ngati mwana?" Shehe ndi amene anawagonjetsa. Anakhala nawo pansi n'kuwakumbutsa kuti chilolezo cha wodwala ndi wa paulendo chili m'ndime 184 ndi 185 za Surah Al-Baqarah, pamalo omwewo pamene kufunga kunalamulidwa, komanso kuti Mtumiki, Swalla Allahu alaihi wasallam, anamasula pamaso pa anthu pa ulendo wokatsegula Makkah, womwe unali m'Ramadhan, ataona kuti anthu avutika. Anawauzanso kuti mphamvu aisunge chifukwa Tawaf ndi Sa'i ndi ulendo wa miyendo. Mayi anamwa madzi atatembenukira kukhoma.

Koma ine ndi Shehe yemweyo tinasiyana maganizo pa chinthu china, ndipo ndi chimene chandilembetsa nkhaniyi. Usiku woyamba, ndege itapita ife n'kutsala, ndinanyamuka kuti ndikafunse kumene tikagone. Shehe anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwananga, pirira. Ulendo wa ku Nyumba ya Allah uli ndi mayeso ake, zonsezi ndi Qadar." Ndinati, "Shehe, Qadar ndaivomera, koma mayiwa agona pati?" Anthu ambiri a m'gulu lathu anamvera Shehe, anayala majuzi pansi n'kugwira tasbih. Ine ndinakaima pa mzere pafupifupi maola awiri. Nditafika kutsogolo, mnyamata wa pa desiki anatsegula dirowa n'kutulutsa mapepala a hotela ndi a chakudya. Analipo nthawi yonseyi. Amene anafunsa anapatsidwa. Amene anakhala chete, ambiri a iwo okalamba a kumidzi osadziwa Chingerezi, anagona pa mabenchi, ndipo palibe amene anabwera kudzawaitana. Ndinabwerera kukatolera mapasipoti a anthu asanu ndi mmodzi amene anavomera, n'kukaimanso pa mzere.

Shehe ndimawalemekeza, ndipo zomwe ananena ndi zoona. Koma mawu oti sabr kwathu kuno tawagwiritsa ntchito molakwika mpaka afika pothandiza wopungula sikelo. Sabr ndi kusanyoza chikonzero cha Allah, kusatukwana, kusataya chiyembekezo. Munthu wofunga sayenera kukalipira mtsikana wa pa kauntala, amene sanalembe lamulo ndipo mwina naye sanadye chiyambire m'mawa. Ndinaona anthu ovala ihram akumenya desiki, ndipo zinali zochititsa manyazi. Koma kufunsa zomwe unalipira, ndi mawu ofatsa, mpaka utayankhidwa, sikuchotsa kanthu pa swaumu ya munthu.

Taganizirani za Hudaybiyyah. M'chaka cha 6 chisamukire ku Madinah, chomwe ndi 628 pa kalendala ya masiku ano, Mtumiki, Swalla Allahu alaihi wasallam, ananyamuka ndi maswahaba pafupifupi 1,400 kukachita Umrah, atamanga ihram, ali ndi nyama za nsembe. Aquraish anawatsekera njira atatsala pang'ono kulowa mu Makkah. Palibe ulendo wa Umrah umene unasokonezedwa mopweteka kuposa umenewu, ndipo Mtumiki anavomera kubwerera. Koma onani momwe anabwererera. Anatuma Uthman kukalankhula ndi a mu mzinda. Anakhala pansi ndi Suhayl ibn Amr n'kukambirana mfundo imodzi imodzi. Ali analemba. M'pepalamo munali zoti chaka chamawa Asilamu adzalowa mu Makkah n'kukhalamo masiku atatu, komanso kuti nkhondo iima zaka khumi. Chaka chotsatira anabweradi n'kuchita Umrah yawo. Munthu wopirira kuposa tonsefe sanachoke pamalopo wopanda cholembedwa m'manja.

Ndipo ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 mu Surah Al-Baqarah yomweyo, ikunena za kulemba ngongole, kuika mboni, ndi udindo wa mlembi woti asakane ntchito imeneyi. Tikiti ndi ngongole. Wapereka ndalama lero kuti akunyamule tsiku lakuti, ndipo akalephera ali nawe ngongole. Inu ana a sukulu amene mukuwerenga nkhaniyi, a ku sekondale ndi a ku koleji, alembi a m'mabanja mwathu ndinu. Makolo anu akamagula tikiti, khalani nawo pafupi. Onetsetsani kuti dzina la pa tikiti likufanana chilembo ndi chilembo ndi la m'pasipoti, chifukwa Yusuf ndi Yusufu pa kompyuta ndi anthu awiri, ndipo kukonza kwake n'kolipira. Muuzeni ejenti alembe nambala ya foni yanu ndi imelo yanu m'malo mwa yake. Funsani ngati ulendo wonse uli pa tikiti imodzi, chifukwa ukakhala pa matikiti awiri osiyana, ndege yoyamba ikachedwa kampani yachiwiri imakutengani ngati munthu wojomba. Ife chimene chinatipulumutsa ndi chimenechi: tikiti inali imodzi, ndiye udindo wotifikitsa ku Jeddah sakanauthawa. Funsaninso, musanapereke ndalama, kuti ulendo ukalephereka adzabweza ndalama kapena kuponi, ndipo yankho lake lilembedwe.

Mapepala a chakudya aja anali ndi nthabwala yake. Panalembedwa kuti ndi a nkhomaliro, ogwira ntchito kuyambira 12 koloko mpaka 3 koloko masana, ndipo anapatsidwa kwa gulu la anthu ofunga. Nditakafotokoza, mayi wina wogwira ntchito pa desiki, amene sanali Msilamu, anatenga cholembera n'kufafaniza nthawiyo, kulemba ina, kusainira, n'kuimbira foni ku hotela kuti atikonzere chakudya cha m'bandakucha. Zinam'tengera mphindi zitatu. Ndimam'kumbukira m'maduwa anga, ndipo ndimadabwa kuti kampani yonyamula anthu opita ku Umrah chaka ndi chaka inalekera munthu mmodzi wachifundo chinthu chimene ikanachilemba m'malamulo ake.

Kwina zinthu sizili chonchi. Ku Ulaya kuli lamulo la 2004, la nambala 261, lomwe limakakamiza kampani kupereka chakudya ndi malo ogona kwa anthu amene ndege yawo yachedwa kwambiri, komanso chipukuta misozi cha ma euro 250 mpaka 600 malinga ndi kutalika kwa ulendo, ngati vuto lili la kampaniyo. Munthu wonyamuka ku Paris amauzidwa ufulu wake pa chikwangwani. Wonyamuka ku Lumbadzi lamulo limenelo silim'khudza. Chimene ali nacho ndi zolembedwa m'malamulo a kampaniyo, mapangano a maiko monga wa Montreal wa 1999 kumene akugwira ntchito, ndi mabungwe a kuno monga Competition and Fair Trading Commission, yomwe imalandira madandaulo a ogula, ndi Consumers Association of Malawi. Koma onsewa amayamba ndi funso limodzi: muli ndi pepala? Choncho pa desiki paja ndinapemphanso kalata yosonyeza kuti ndege yathu yoyamba inalephera kunyamuka ndi chifukwa chake. Anandiyang'ana ngati ndapempha mpando wa woyendetsa, koma anandipatsa.

Tsiku lachinayi chinyamukire ku Nsaru tinakwera ndege ya ku Jeddah. Dzuwa linatilowera tili m'mwamba, ndipo panabuka kamkangano. Wina wotchi yake inali ikadali pa nthawi ya ku Malawi, wina ankatsatira foni yomwe inasonyeza kuti pansi Maghrib yakwana, pomwe pa zenera dzuwa linali likuonekabe lofiira. Shehe anagamula kuti wofunga amatsatira dzuwa limene akuliona, ndipo munthu ali m'mwamba amaliona nthawi yotalikirapo kuposa amene ali pansi pake. Tinadikira mpaka linamira. Bambo a ku Mangochi aja, chitenje cha mayi chili m'mapewa, ndi amene anayambitsa Talbiyah.

Za ku Makkah sindilemba zambiri, chifukwa amene anafikako akudziwa ndipo amene sanafike ndikuwapemphera kuti akaone okha. Mayi ataiona Ka'aba anaima chilili, ine n'kuwagwira kuti khamu lisawagwetse. Usiku wa 27 unatipeza tili komweko, Alhamdulillah. Koma pa masiku khumi tinapeza asanu ndi awiri. Usiku wa 21 ndi wa 23, womwe uliwonse ukanatha kukhala Laylatul Qadr, tinauthera m'njira. Hotela ya ku Makkah sinabweze ndalama za masiku atatu amene bedi linagona lokha, ndipo sindikuiimba mlandu chifukwa inatisungira malo. Nditafunsa ngati tsiku lobwerera lingasunthidwe kuti mayi akaone Madinah mosathamanga, anandiuza kuti kusintha tsiku n'kolipira, kuphatikizapo kusiyana kwa mtengo wa tikiti. Ndinawakumbutsa kuti iwo anasintha tsiku lathu katatu osatilipira. Anati zimenezo ndi nkhani ziwiri zosiyana. Mphindi zisanu zathu zikanapha tikiti yonse, makilo awiri a ufa anali ndi mtengo wake mu dola, koma masiku atatu a mayi sanaikidwe pa sikelo iliyonse.

Pobwerera, aliyense amaloledwa kutenga Zamzam malita asanu, m'botolo lomata loikidwa m'katoni yake, ndipo kuika Zamzam m'chikwama n'koletsedwa. Tinagula makatoni awiri. Titatera ku Lumbadzi lamba anazungulira mpaka kuima, zikwama zonse zinatuluka, koma katoni inatuluka imodzi. Apanso ana a sukulu mvetserani: katundu akasowa musatuluke m'bwalo musanalembetse fomu pa ofesi ya katundu, ndipo kachidutswa kamene amamata kuseri kwa tikiti musakataye. Pa malamulo a maulendo a pakati pa maiko, dandaulo la katundu wowonongeka liyenera kulembedwa mkati mwa masiku 7, ndipo la katundu wochedwa mkati mwa masiku 21 chim'landirire. Mukadutsitsa masikuwo mwadziluzitsa nokha. Katoni ya mayi inapezeka patatha masiku asanu ndi anayi. Anaimba foni kuti tikaitenge ku Lumbadzi, ndipo nditafunsa ngati angaibweretse, anati galimoto yawo imangofika m'ma Area a mu tauni. Tsiku limeneli Nsaru sinalinso Lilongwe.

Ndinakaitenga pa minibasi, katoni ili pamiyendo. Amayi a chipereganyu aja anabwera onse, aliyense n'kumwa kakapu kake atayang'ana ku kibla, ndipo anansi athu a Katolika ndi a CCAP amene anatisungira mbuzi zotsala analawa nawonso. Masiku awiri amene anamasula m'njira mayi anawabweza mu Shawwal, n'kuwonjezera asanu ndi limodzi a Sunnah.

Kalata yodandaula ndinailemba sabata yomweyo. Ndinaikamo kalata ija ya pa desiki, malisiti a galimoto, a hotela ya ku Makkah ndi a minibasi ya ku Lumbadzi, n'kupempha kuti atibwezere zomwe tinaononga chifukwa cha kuchedwa kwawo. Ndinatumiza katatu. Yankho linabwera patatha miyezi inayi. Anapepesa chifukwa cha zovuta zimene tinakumana nazo, anatithokoza chifukwa chosankha kampani yawo, ndipo anatipatsa pepala lotichotsera gawo la mtengo pa ulendo wathu wotsatira, logwira ntchito mkati mwa miyezi 12. Ndinawawerengera mayi m'Chichewa. Anafunsa kuti ulendo wotsatira wake ndi uti, kenako anatenga pepalalo n'kukaliika m'chitini chija, pamwamba pa kuponi ya 2020. Ine makope a zonse ndinawasunga, ndipo kalata yachinayi ndatumiza kumayambiriro kwa Ramadhan ino.